Bambo Wobwereka

Ine kusukulu ndinalowa ndi khutu. Kwathu kwa Kawinga aphunzitsi ankatiimika pamzere pansi pa mtengo wa mango, n'kumauza aliyense kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu agwire khutu la mbali inayo. Ukaligwira, basi wakula, kalowe. Ukalephera, bwerera ukayamwe, tidzaonana chaka chamawa. Ine ndinali ndi chimutu chachikulu ndi timikono tatifupi, ndiye ndinachita kupendeketsa khosi mpaka nsonga ya chala inakhudza. Mayeso anga oyamba anathera pomwepo.

Ndiye tsiku limene mlongo wanga wamng'ono anandiimbira foni kuti mwana wake ali ndi intavyu, ndinayamba ndaseka. Mtsikanayo anali ndi zaka zisanu, asanayambe n'kugwelula komwe. Intavyu ya chiyani, akufuna ntchito ya ukalaliki?

"Achimwene, musaseke," anatero mlongo wanga. "Ndi sukulu ya pulayiveti ija ya basi yachikasu. Ofuna malo ndi ambirimbiri, malo ndi ochepa. Ana amachita kuwasankha ngati tomato. Mubwere mutiperekeze."

Ndinavomera msanga, ndipo ndisaname, chinandikoka kwambiri chinali chidwi. Ndinkafuna ndikaone ndi maso anga chimene munthu wamkulu, wa ndevu zake, angafunse mwana amene akasangalala amaiwala kuti kuli chimbudzi.

Ndifotokoze kaye chifukwa chake anaimbira ine. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndine mwinimbumba, malume, kapena anjomba monga timanenera kwathu. Mwana wa mlongo wanga akadwala amauza ine, akadzakula n'kufuna banja anthu adzagogoda pakhomo panga. Bambo timawalemekeza ndithu, koma ndi mkamwini, anabwera ndi chikwama ndipo akhoza kubwerera nacho. Alamu anga, bambo a mwanayu, anapita ku Joni iye akukwawa. Sanali munthu woipa iyayi. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankaimba foni. Mwana ankawadziwa ngati mawu otuluka m'kafoni ka mabatani ka mayi ake, komanso chithunzi cha pakhoma cha munthu wonenepa wovala magalasi akuda, atatsamira galimoto ya eni ake. Ankawatchula kuti ababa.

Ine ndimagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Balaka. Mlongo wanga amagulitsa mpunga mumsika wa Liwonde ndipo amakhala tsidya la Machinga. Sukuluyo ili tsidya lino, ukawoloka mlatho wa Shire n'kuyenda pang'ono. M'mawa wa tsikulo ndinawatenga onse awiri pa njinga yamoto ya kuntchito, ine ndili mu kofia yanga ndi malaya amene ndimayendera m'minda.

Zimene ndinapeza pa geti, walahi, sindinaziyembekeze. Galimoto zinali ndondondo m'mbali mwa mpanda. Ana anali atapakidwa mafuta mpaka zipumi kung'anima, ena ali m'timasuti, nsapato zikulira. Mayi wina ankafunsa mwana wake mitundu ya magalimoto amene ankadutsa mumsewu, akalakwitsa kumutsina pa ntchafu. Bambo wina ankaloza mbuzi imene inkadya mapepala pa ngalande, n'kumakuwa kuti itchulidwe m'Chingerezi. Kamnyamata kena kanapempha madzi m'Chiyao, mayi ake anakatseka pakamwa ngati katukwana.

Titafika kutsogolo, mlonda anatambasula mkono.

"Inu ndi ndani wake mwanayu?"

"Anjomba ake," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Mwinimbumba."

Ndinkaona ngati ndatchula udindo woti munthu n'kuvula chipewa. Iye sanaphethire n'komwe.

"Makolo okha. Ankolo mudikire pa benchi apo."

Ankolo! Ine amene ndinakumba dzenje lokwirira mchombo wa mwanayo. Ndinafuna kumuphunzitsa mwambo pomwepo, koma mlongo wanga anandiyang'ana ndi maso opempha, anthu kumbuyo akukankha. Ndinameza mawu, mtima ukuwira. Awiriwo analowa, ine n'kupita pa benchi.

Benchiyo inali ya matabwa, pansi pa mtengo wa nimu, kunja kwa mpanda. Panali anyamata a kabaza, atsikana antchito onyamula mabotolo a madzi, ndi mdala wina wa kwa Kalembo amene anabwera ndi mdzukulu wake n'kubwezedwa ngati ine. Mkwiyo wanga sunachedwe kuzizira, chifukwa pa benchipo m'pamene panali sukulu yeniyeni. Aliyense ankadziwa chinsinsi cha intavyu, ndipo zinsinsizo sizinkagwirizana. Wa kabaza wina analumbira kuti amayang'ana nsapato. Mtsikana wina anati amagwetsa dala kapepala pansi kuti aone ngati mwana atole. Wina anati ku Balaka kuli mayi amene amaphunzitsa ana a zaka zitatu kugwira pensulo ndi kumwetulira, kukonzekera tsiku limeneli basi. Mdala uja anati iye wakhala akudyetsa mdzukulu wake mitu ya chambo mwezi wonse kuti nzeru zitseguke, ndipo ngati alephere ndiye kuti nsombazo zinali za m'damu.

Ndinafunsa ngati pali mmodzi wa iwo amene analowapo m'chipinda cha intavyucho. Panalibe.

Dzuwa litafika pamutu, mlongo wanga anatuluka nkhope ili pawiri. Mwana anali atapambana gawo loyamba. Anamuuza kuti adumphe ndi mwendo umodzi, asanje timatabwa, atchule ziwalo za thupi, ndipo zonse anachita. Mwiniwakeyo sankakamba za mayeso. Ankangokamba za katungwe wa unyolo ndi chipinda chodzaza mabuku a zithunzi, momwe anamulola kukhudza lililonse limene wafuna.

"Koma kwatsala gawo lachiwiri," anatero mayi ake titafika kunyumba, mwana atapita kukasewera. "Akufuna kucheza ndi makolo. Bambo ndi mayi."

"Uwauze kuti bambo ali ku Joni. Theka la Machinga lili ku Joni, sadabwa."

"Achimwene, azimayi onse pamzere paja amanena chimodzi. Akuti mwana wopanda bambo pakhomo amamudula mwaulemu. Amati tikuimbirani, basi osaimba."

"Wamva kwa aphunzitsi kapena kwa azimayi?"

"Kwa azimayi. Koma mukufuna ndikayesere pa mwana wanga kuti ndione ngati n'zoona?"

Anayamba kutola timiyala mu mpunga umene unali m'lichero. Kenako ananena osandiyang'ana.

"Mukakhale inuyo bambo ake. Tsiku limodzi lokha."

Asitaghafirula! Ndinadzuka pampando. Ine ndi mlongo wanga, mimba imodzi, tikakhale pa sofa ngati mwamuna ndi mkazi wake? Kwathu chinamwali chikangotha, mlongo wako sukhala naye mphasa imodzi, kuchipinda kwake sulowako. Ndinamuuza kuti amenewo ndi malaulo, ndipo amayi athu akanakhala moyo akanatikwapula tonse awiri ndi mthiko.

Iye sanakweze mawu. Anangondikumbutsa kuti pamene ine ndinkapita ku sekondale, iye anasiyira sukulu panjira, chifukwa m'kalasi mwake ankakhala kumbuyo kwenikweni, pansi, bolodi osaliona, mpaka anatopa. Anati sukulu ya pafupi ndi kwawo ili chimodzimodzi mpaka lero, ndipo mwana wake ndi wamfupi ngati iye. "Mwamumva mmene akukambira za mabuku aja," anatero. Ndinali nditamumva.

Madzulo omwewo tinaimbira alamu anga ku Joni. Ine ndinkayembekeza kuti akana, nkhani ithere pomwepo. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, ndigwirireni udindowo! Kodi si inu eni ake a mwanayo? Ine chaka chamawa ndikubwera, mudzandibwezera mpando."

Mkazi wanga nayenso, m'malo mondiletsa, anagwa nako kuseka. Anatulutsa jekete ya ukwati wathu n'kuisita, akunena kuti aka n'koyamba kukhala ndi mkazi mnzake amene samuchitira nsanje.

Ntchito yovuta inali kwa mwana. Tinamukhazika pa mpando n'kumuuza kuti kusukulu kuja, ine azinditchula kuti Dadi.

"Iyayi," anatero akuseka. "Inu ndinu anjomba."

"Kunyumba ndi anjomba," anatero mayi ake. "Kusukulu ndi Dadi. Ukufuna katungwe uja eti?"

Anaganiza, chala chili m'kamwa. "Nanga a mufoni aja?"

"Amenewo ndi ababa. Awa ndi Dadi."

Ndinamuona akuzisanja m'mutu mwake ngati timatabwa tija. Ababa amakhala mufoni. Dadi amakhala kusukulu. Zinamukwanira bwinobwino, ndipo sanafunsenso. Masiku otsatira mayi ake ankandiloza mwadzidzidzi n'kufunsa m'Chingerezi kuti awa ndani, iye n'kuyankha mofuula, kenako kuthawira kuseri kwa chitseko ndi manyazi.

Tsiku la gawo lachiwiri ndinameta ndevu, kofia ndinaisiya, ndinavala jekete ija ngakhale kunali kutentha kwa Liwonde kumene kumawotcha ndi mthunzi womwe. Mnzanga wa kuntchito anatitengera pa galimoto yake. Mantha anga onse anali pa mlonda, kuti andizindikira. Ha! Anatsegula geti yonse n'kundimenyera sawatcha. Munthu yemweyo amene ananditumiza pa benchi. Kuyambira tsiku limenelo jekete ndimaiopa.

Ahedi anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anandipatsa moni ndi dzina la alamu anga, poti ndilo linali la mwana, ndipo ine ndinalivala ngati mmene ndinavalira jekete. Tinakhala pa sofa, ine kumapeto uku, mlongo wanga kumapeto uko, pakati pathu malo okwana thumba la chimanga.

Mafunso ake ndinkawamvetsera ndi makutu onse, kufuna ndigwire chinsinsi choti ndikauze anzanga a pa benchi. Nsapato sanaziyang'ane. Kapepala sanagwetse. Anafunsa kuti mwana amagona nthawi yanji, amadya chiyani m'mawa, akalakwa timatani naye, ndani amamuwerengera nthano. Kenako anavula magalasi n'kutiyang'ana mosinthasintha.

"Koma inu mukufanana bwanji! Mpata wa m'mano womwewo. Zoonadi anthu akakhalitsa m'banja amafanana. Munakumana kuti?"

Mlongo wanga anayang'ana pansi, akubisa kuseka.

"Kumudzi, mayi," ndinayankha. "Tinakulira limodzi."

Pa zonse zimene ndinanena m'chipindamo, pamenepo m'pamene ndinalankhula ndi mtima woyera.

Kenako anaitanitsa mwana. Analowa, napereka moni monga anamuphunzitsira. Ahedi anandiloza n'kufunsa kuti awa ndani. Ine thukuta linali litatsika mpaka m'masokosi.

"Dadi," anatero.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma iye anayenda n'kubwera kudzakwera pamiyendo panga, n'kutsamiritsa mutu pachifuwa panga, n'kuyamba kuseweretsa batani la jekete. Zimenezo palibe anamuphunzitsa. Chibadwire anali asanachitepo. Anjomba sawakwera pamiyendo, amawagwadira polandira kanthu. Ayenera kuti anaona ana ena panja paja akutero ndi abambo awo, ndiye anaganiza kuti Dadi ntchito yake ndi imeneyo. Ndinamva kutentha kwa mutu wake ndi fungo la mafuta a m'tsitsi, ndipo mtima wanga unachita chinthu chimene sindinachikonzekere. Ndinakondwa, ndipo nthawi yomweyo ndinachita mantha.

Patapita masiku anaimba foni. Malo anapezeka. Mlongo wanga analulutira mumsika mpaka anzake anaganiza kuti alamu abwera. Mdzukulu wa mdala wa kwa Kalembo uja sindinamuonepo mu yunifolomu, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati zinali nsomba kapena benchi.

Paja amati walira mvula walira matope. Ife tinkaganiza za tsiku limodzi, osadziwa kuti sukulu za mtundu umenewu bambo sizimusiya. Msonkhano wa makolo, Dadi abwere. Tsiku loona makope a ana, Dadi abwere. Tsiku la masewera, ndinapezeka ndili m'thumba la feteleza mpaka m'chiuno, ndikudumpha ndi abambo anzanga, ndinagwa chafufumimba, mwana akukuwa dzina langa latsopanolo mpaka mawu kusasa. Ndipo poti pakamwa panga sipatseka, pa msonkhano wina ndinadzudzula za madzi akumwa, anthu anaomba m'manja, potuluka ndinali ndili mu komiti ya makolo. Alamu anga chaka chamawa chija sichinafike. Chinkangosuntha, mapepala awo asokonekera, ntchito yatha, ayambe apeza ina.

Chimene chinkandichititsa chidwi kwambiri chinali mlatho. Masiku a misonkhano ndinkakamutenga mwanayo kwawo pa njinga yamoto. Tikamanyamuka ndinali anjomba. "Anjomba, taonani ng'ombe." "Anjomba, chipewa chikundithina." Tikangokwera pa mlatho wa Shire ankakhala chete, akuyang'ana madzi ndi namasupuni woyandama. Tikatsika tsidya lino, mawu oyamba anali akuti Dadi. Pobwerera chimodzimodzi, Dadi ankatsala tsidya la Balaka. Palibe anamuuza kuti malire ndi amenewo, anadziikira yekha. Ine ndinkachita dala kumulankhulitsa tili pakatikati pa mlatho kuti ndimve anditchula chiyani, koma kamwanako kanali kochenjera, kankangoyankha kuti eya kapena iyayi.

Sindikudziwa kuti mlathowo unasiya liti kugwira ntchito. Ndinangozindikira tsiku lina tili pakhonde kwawo, tsidya la Machinga, akundipatsa madzi osamba m'manja, atagwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Dadi, madzi." Mayi ake anamva. Tinayang'anana, ndipo palibe anamukonza. Kunena zoona, ine sindinkafuna kumukonza. Ana anga ndi anyamata okhaokha, akuluakulu, ondiyankha ndi mawu a m'mphuno. Dzina limenelo linkanditsekemera.

Mu komiti muja ndinayamba kuona zinthu zimene zinandisokoneza. Munali mayi wamasiye amene ana ake awiri ankaphunzira pomwepo. Munali agogo ena aakazi amene ankalera mdzukulu okha. Tsiku lina titatha msonkhano ndinafunsa ahedi mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina, kuti kodi n'zoona mwana wopanda bambo pakhomo samutenga. Anaseka n'kunena kuti nkhani imeneyo amaimva chaka chilichonse ndipo sadziwa anaiyambitsa ndani. Koma azimayi a mumsika mpaka lero amalumbira kuti n'zoona, ndipo amatchula ana amene anadulidwa. Ndani akunena zoona? Ine ndakhala mbali zonse ziwiri za geti imeneyo ndipo sindikudziwa. Chimene ndinaphunzira mu komitimo n'chakuti sindinali ndekha. Bambo wina amene tinkakhala naye pafupi, tsiku lina mwana wake anamuitana kuti ankolo pamaso pa anthu, iye anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu tsiku limenelo, sanamvetse chifukwa chake.

Mwana anali atafika Sitandade 3 pamene alamu anga anabwera. Sanauze munthu. Zinthu zinali zitawavuta kumeneko, ndipo anakwera basi ndi zimene akanatha kunyamula. Anafika ku Liwonde m'mawa wa tsiku lotsekera sukulu, anapeza nyumba yokhoma, aneba n'kuwauza kuti onse ali kusukulu, mwana akukalakatula ndakatulo pamaso pa makolo. Anasiya katundu kwa anebawo n'kukwera kabaza, osasamba n'komwe.

Ife mkati sitinkadziwa kanthu. Ine ndinali kutsogolo pa mipando ya komiti, mu jekete yomwe ija. Mwana analakatula bwino, Chingerezi chikutuluka ngati madzi a pa mpopi, ndipo atamaliza anayang'ana kwa ine kuti aone ngati ndikuomba m'manja. Ndinkaomba mpaka zikhato kuwawa.

Mwambo utatha tinatuluka atatu, iye ali pakati, atandigwira dzanja. Pa geti mlonda uja anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Bwana, pali munthu apo akuti ndi bambo a mwana wanuyu. Ndamuuza kuti bambo ake timawadziwa, ali mkati. Masiku ano anthu ndi ovuta, ndiye ndati adikire pa benchi."

Ndinatembenuka. Pansi pa mtengo wa nimu, pakati pa anyamata a kabaza, pamalo pomwe ndinakhala ine, panali alamu anga. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi, fumbi la ulendo lili m'nsidze. Magalasi akuda panalibe. Pamiyendo anali atanyamula chikwama cha sukulu chofiirira, chatsopano, chikadali m'pulasitiki, chaching'ono moti chikanamukwana mwanayo chaka chimene tinkapita ku intavyu. Anali atakhala pamenepo mwambo wonse, akumva m'manja mukuombedwa kuseri kwa mpanda.

Mlongo wanga anagwira pakamwa. Alamu anaimirira, akumwetulira, maso ali pa mwana basi. Tinayandikira. Mwanayo anaona kuti akuluakulu akudziwana, ndiye anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita kwa mlendo. Anapinda maondo pang'ono n'kupereka dzanja.

"Muli bwanji, ankolo?"

Anyamata a kabaza anasiya kucheza. Alamu analandira kadzanjako n'kukagwira ndi manja awiri. Kenako anamuitana ndi dzina lachibwana limene ankamuitana nalo Lachisanu lililonse, n'kumufunsa m'Chiyao ngati wadzuka bwino.

Mwana anadzidzimuka. Mawuwo ankawadziwa. Koma sanayang'ane munthu amene anali patsogolo pake. Anatembenukira ku kachikwama ka m'manja ka mayi ake, momwe mumakhala foni. Anakayang'ana kanthawi, kudikira kuti mwina kalira. Kenako anayang'ana pakamwa pa alamu anga, n'kubwereranso ku kachikwama. Ndinamuona akuyesa kuzisanjanso m'mutu mwake, ndipo ulendo uno sizinkakwanirana.

Alamu anagwada pa fumbi n'kutambasula manja. "Bwera kuno, mama. Ndine ababa."

Iye anafinya zala zanga. Anakweza nkhope n'kundiyang'ana, ndipo anafunsa ndi mawu omveka bwino, moti bambo ake anamva, mlonda anamva, benchi yonse inamva.

"Dadi, ndipite?"

Alamu anga anatsitsa maso. Manja anawasiya ali chitambasulire, koma ndinaona mmene mawuwo anawalowera. Munthu amene anaseka pa foni kuti ndimugwirire mpando anali atabwera kudzautenga, ndipo mwana wake ankapempha chilolezo kwa ine. Ndinawamvera chisoni chachikulu, ndipo ndinadzimveranso chisoni ndekha, chifukwa dzanja limenelo sindinkafuna kulisiya.

"Pita," ndinatero. "Ndi bambo ako amenewo. Ine ndine anjomba."

Anandiyang'anabe pang'ono, ngati akudikira kuti ndiseke. Sindinaseke. Anamasula zala zake chimodzichimodzi n'kuyenda pang'onopang'ono, yunifolomu ili bwinobwino, mpaka analowa m'manja muja. Sanawakumbatire. Anangoima chilili, iwo akulira pa phewa pake.

Mlonda anali akundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndinavula jekete n'kuipinda pamkono. Mlongo wanga anati tiyeni tonse kunyumba, koma ndinawauza kuti atsogole pa kabaza, ine ndibwera pambuyo ndi njinga. Anakwera, mwana ali pakati pa bambo ndi mayi ake, chikwama chaching'ono chija chili pamiyendo. Ndinawayang'ana akulowera ku mlatho. Asanakhote, mwanayo anatembenuka n'kundiyang'ana, pakamwa patatseguka ngati akufuna kundiitana, koma sanaitane.

Anyamata a kabaza anasendera n'kundisiyira malo, ndipo ndinakhala pa benchi paja.